Himalaya, Mapiri Amene Anavuuka M'nyanja

Mumtsinje wa Kali Gandaki, kumpoto kwa dziko la Nepal, mumapezeka timiyala takuda tobulungira, tina ngati dzira la nkhuku, tina ngati chibakera cha munthu wamkulu. Madzi akaphwera anthu amatitola mumchenga. Ukakaswa kamwala koteroko ndi nyundo, m'kati mwake umapezamo chigoba chopiringizika, cha mizeremizere, chopindika ngati nyanga ya nkhosa yamphongo. Ahindu amaitcha miyalayi shaligram ndipo amaisunga mwaulemu m'nyumba ndi m'makachisi monga chizindikiro cha mulungu wawo Vishnu. Akatswiri a miyala amati ndi zotsalira za tinyama ta m'nyanja yamchere totchedwa ammonite, tomwe tinatheratu padziko zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Komatu malo amene miyalayi imatoledwa ali pamtunda wa mamita oposa 2,500, pakati pa mapiri awiri aatali kuposa mamita 8,000, ndipo nyanja yamchere yapafupi ili kutali makilomita mazanamazana.

Miyala ya pansonga penipeni pa Everest nayo imanena zomwezo. Ndi miyala ya laimu yomwe inaumbika pansi pa nyanja zaka pafupifupi 450 miliyoni zapitazo, ndipo m'kati mwake muli tizidutswa ta zamoyo za m'madzi. Munthu amene waima pamwamba pa dziko lonse, ali wefuwefu kufuna mpweya, mapazi ake aponda pansi pa nyanja yakalekale. Mmene matope a m'nyanja anakafikira kumitambo ndi theka la nkhani ya mapiri a Himalaya. Theka linalo, lomwe ineyo ndimaliona lofunika kwambiri, ndi la zimene zimatsika kuchokera kumeneko.

Dzina lakuti Himalaya ndi la chinenero chakale cha Sanskrit, ndipo limatanthauza kwawo kwa chipale chofewa, chija ena amangoti sinowo. Si phiri limodzi ayi. Ndi mtandadza wa mapiri wopindika ngati uta, wotalika makilomita pafupifupi 2,400, kunena kwake pafupifupi katatu kutalika kwa Malawi kuchokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje. Kumadzulo umayambira pa phiri la Nanga Parbat, la mamita 8,126, ndipo kummawa umathera pa Namcha Barwa, la mamita 7,782. Umadutsa m'maiko asanu: Pakistan, India, Nepal, Bhutan ndi China, kuchigawo cha Tibet. Padziko lonse pali nsonga 14 zopitirira mamita 8,000. Khumi mwa izo zili m'Himalaya, zinayi zotsalazo, kuphatikizapo K2, zili m'mapiri oyandikana nawo a Karakoram.

Manambala otere salowa m'mutu mpaka utawayerekeza ndi phiri lomwe unalionapo. Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002. Mungasanjikize a Sapitwa atatu kuti mungopitirira pang'ono Everest, yemwe mu Disembala 2020 maiko a Nepal ndi China anagwirizana kuti ndi mamita 8,848.86. Tauni ya Namche Bazaar, komwe kuli msika, sukulu ndi nyumba zogona alendo, ili pa mamita 3,440. Ana akumeneko amasewera mpira pamalo okwera kuposa pomwe wina aliyense angaime m'Malawi muno.

Nanga nyanja inakwera bwanji? Nthaka yomwe tapondapoyi si chinthu chimodzi cholumikizana. Ili m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ya m'kati mwa dziko. Kalekale India anali wolumikizana ndi Africa, Madagascar, Antarctica, Australia ndi South America m'dziko limodzi lalikulu lomwe akatswiri analipatsa dzina lakuti Gondwana. Dzikolo litang'ambika, India analekana ndi Madagascar zaka pafupifupi 88 miliyoni zapitazo n'kuyamba ulendo wa kumpoto. Ankayenda masentimita ngati 15 pachaka, lomwe ndi liwiro la mtondo wadooka pa nkhani ya kuyenda kwa nthaka. Pakati pa India ndi Asia panali nyanja yotchedwa Tethys. Nyanjayo inanka icheperachepera, ndipo zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo maiko awiriwo anagundana.

Tayalani mphasa pansi, mbali imodzi igunde khoma, kenaka muikankhe ndi phazi. Poti kutsogolo kulibe kopita, imatukumuka pakati, kupindika, mwina kukwerana yokhayokha. N'zimene zinachitikira miyala ya pansi pa Tethys ndi ya m'mphepete mwa India. Mbali ya India inalowa kunsi kwa Asia ngati khasu lolowa pansi pa mzere, n'kutukula zonse zimene zinali pamwamba, ndipo kuseri kwake kunakwera chitunda chachikulu chathyathyathya cha Tibet, chomwe malo ake ambiri ali pa mamita oposa 4,500. Kwathu kuno zimene zikuchitika ndi zosemphana ndi zimenezi: chigwa chomwe muli Nyanja ya Malawi chinabadwa chifukwa nthaka ikukokana n'kung'ambika. Uku dziko likutseguka, uko likupanikizana.

Ndipo kukankhanako sikunathe. Mpaka lero India akupitabe kumpoto masentimita anayi kapena asanu pachaka, pafupifupi mmene chikhadabo chimakulira, moti mapiriwo akukwerabe mamilimita angapo chaka chilichonse. Vuto n'lakuti miyala siterereka bwinobwino. Imakanirirana kwa zaka mazana, mphamvu n'kumaunjikana, ndiye tsiku lina imamasuka kamodzin'kamodzi. Chivomezi cha ku Assam ndi Tibet mu 1950 chinafika pa 8.6. Cha ku Kashmir pa 8 Okutobala 2005 chinapha anthu oposa 70,000, kuphatikizapo ana ambiri omwe anali m'kalasi m'mawa umenewo. Pa 25 Epulo 2015 chivomezi cha 7.8 chinagwedeza Nepal n'kupha anthu pafupifupi 9,000. Dera la mzinda wa Kathmandu linatukuka pafupifupi mita imodzi m'kanthawi kochepa, ndipo mudzi wa Langtang unakwiririka ndi madzi oundana ndi miyala yomwe inagumuka kuphiri.

Munthu wochokera kummwera amakwera mapiriwa ngati masitepe. Amayambira m'chigwa chotentha cha Terai, cha mpunga, udzudzu ndi nkhalango momwe muli zipembere ndi akambuku a mizeremizere. Kenaka amakumana ndi timapiri ta Siwalik, tomwe ndi mchenga ndi nsangalabwi zokokoloka kumapiri aakulu, n'chifukwa chake timagumuka msanga. Pamwamba pake pali mapiri apakati, a mamita 2,000 mpaka 3,000 kapena kuposerapo, ndipo kuno n'komwe kuli anthu ambiri. Mapiri athunthu anasemedwa ndi makasu kukhala timinda tosanjikizana, kamunda kalikonse kotchingidwa ndi kakhoma ka miyala kapena dothi, kena kopapatiza moti ng'ombe zolima zimavutika potembenuka. M'munsi amadzala mpunga, pamwamba chimanga ndi mawere, pamwamba penipeni balele ndi mbatatesi. Ukapitirira mamita ngati 4,000 mitengo imatha, kumatsala udzu wodyetsa yak, ng'ombe ya ubweya wautali yomwe imapereka mkaka, nyama, ubweya, ndi ndowe zosonkhera moto kumalo kopanda nkhuni. Kupitirira apo ndi miyala ndi madzi oundana basi.

Pa kilomita iliyonse yomwe wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mpweya nawo umapepuka. Ku Namche Bazaar madzi amawira asanafike madigiri 90, kotero mphodza imachedwa kupsa ngakhale mphika ukubwata, ndipo amayi ambiri amadalira mapoto otseka ndi mphamvu aja. Pansonga pa Everest, kupuma kumodzi kumalowetsa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a okosijeni amene munthu amapeza m'mphepete mwa nyanja. Okwera mapiri amati pamwamba pa mamita 8,000 ndi dera la imfa, chifukwa thupi silizolowera, limangofooka ola ndi ola.

Tsopano tibwere ku madzi. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala mphepo ya monsoon imachokera kunyanja ya Indian Ocean italemedwa ndi chinyontho. Ikafika pa Himalaya imapeza khoma. Imakwera, kuzizira, n'kukhuthula mvula yake yonse kumbali ya kummwera. Amene anaonapo chiperoni chitakuta mbali imodzi ya Mulanje pomwe ku Phalombe kuli dzuwa akudziwa kale mmene zimakhalira, kungoti kuno zafika pena. Mzinda wa Pokhara umalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pachaka. Ukangozungulira kuseri kwa phiri la Annapurna, ku Jomsom, mtunda wosakwana makilomita 100, mvula sifika ndi mamilimita 400 omwe, ndipo dziko ndi lotuwa, la fumbi ndi mphepo. Ku Leh, m'chigawo cha Ladakh, imagwa pafupifupi mamilimita 100. M'nyengo yozizira khoma lomwelo limatchinga mphepo yachisanu yochokera pakati pa Asia kuti isatsikire ku India. Anthu mamiliyoni mazanamazana omwe sanaonepo chipale chofewa chibadwire amalima, kukolola ndi kuvala molingana ndi mmene khoma limeneli lagawira nyengo.

Mitsinje yake ili ndi khalidwe lodabwitsa. Ku Tibet, kuseri kwa mapiri aatali, kuli phiri la Kailash ndi nyanja ya Manasarovar. M'dera limeneli mumabadwa mitsinje inayi: Indus, Sutlej, Karnali ndi Yarlung Tsangpo. Indus amalowera kumadzulo, n'kukakhota pa Nanga Parbat, kutsikira ku Pakistan. Tsangpo amalowera kummawa makilomita oposa 1,500, n'kukakhota pa Namcha Barwa kudzera m'chigwembe chakuya koopsa, n'kutulukira ku India ndi dzina lina, Brahmaputra. Mitsinje iwiri yobadwira pakhomo limodzi yakumbatira mtandadza wonse, wina uku wina uku. Koma Ganga, yemwe ena amati Ganges, amayambira kumbali ya kummwera: mtsinje wa Bhagirathi umatuluka pansi pa madzi oundana a Gangotri, pamalo otchedwa Gaumukh, kutanthauza kukamwa kwa ng'ombe, n'kukakumana ndi Alaknanda pa Devprayag, ndipo umatulukira m'chigwa pa Haridwar, pomwe anthu miyandamiyanda amadzasamba mopemphera.

Funso n'lakuti mtsinje wobadwira kuseri kwa khoma umaliboola bwanji khomalo, popeza madzi sakwera phiri. Akatswiri ambiri amati mitsinje yotereyi ndi yakale kuposa mapiriwo. Inkayenda kale kulowera kummwera nthaka isanatukuke, ndipo pamene miyala inkakwera pang'onopang'ono, mtsinje unkaicheka pa liwiro lomwelo, ngati sowo yoima malo amodzi pomwe thabwa likukankhidwira m'mwamba. Kali Gandaki uja ndiye mboni. Umadutsa pakati pa Dhaulagiri, la mamita 8,167, ndi Annapurna, la mamita 8,091, ndipo madzi ake ali pansi kuposa nsongazo ndi mamita opitirira 5,000. M'mpata umenewu ndi momwe amalonda ankadutsa kwa zaka mazana, kutsitsa mchere wa ku Tibet pamsana pa ziweto n'kukwera ndi mpunga ndi balele. Masana aliwonse mumawomba chimphepo chochokera kumunsi, moti ndege zing'onozing'ono zopita ku Jomsom zimauluka m'mamawa mokha.

Zimene mitsinje yacheka sizisowa kopita. Ganga ndi Brahmaputra pamodzi amanyamula matope ndi mchenga wokwana matani pafupifupi 1 biliyoni chaka chilichonse. Chigwa chonse cha kumpoto kwa India, chimodzi mwa zigwa zokhala anthu ochuluka zedi padziko, ndi dothi lotsika kumapiriwa. Mbali yaikulu ya dziko la Bangladesh ndi Himalaya yemweyo, ataperedwa kukhala matope n'kuyalidwa m'mphepete mwa nyanja. Mlimi wa mpunga wa kumeneko amaponda m'dothi lomwe kale linali phiri, phiri lomwe kale linali pansi pa nyanja. Koma matope omwewo amadzaza njira ya mtsinje mpaka madzi amayenda pamwamba kuposa minda yowazungulira. Mu Ogasiti 2008 mtsinje wa Koshi unaphwasula chimkhoma chomwe anautsekera nacho pa Kusaha ku Nepal, n'kubwerera m'njira yomwe unaisiya zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Madzi saiwala khwawa. M'khwawamo munali midzi ndi minda, ndipo anthu oposa 2 miliyoni a m'chigawo cha Bihar anakhudzidwa.

Za okwera mapiri zinalembedwa kale zambiri, mwinanso mopitirira muyeso, koma pali zingapo zoyenera kuzikumbukira. Everest anayezedwa koyamba ndi anthu omwe sanaloledwe n'komwe kuyandikira, chifukwa Nepal inali yotseka kwa alendo. Ankaima m'chigwa cha India, makilomita oposa 150 kutali, ndi makina olemera oyezera makona. Mu 1852 katswiri wa masamu wa ku Bengal, Radhanath Sikdar, anawerengetsa n'kupeza kuti nsonga yomwe ankangoitcha Peak XV ndiyo yaitali kuposa zonse. Mu 1856 kunalengezedwa kuti ndi mafiti 29,002, omwe ndi mamita 8,840, kuphonya muyeso wa lero ndi mamita 9 okha. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi. Dzina la George Everest, mkulu wakale wa ntchito yoyeza malo ku India, linakhazikika mu 1865, ngakhale mwini wakeyo sanagwirizane nazo. Anthu a ku Tibet anali nalo kale dzina lawo, Chomolungma, ndipo ku Nepal amati Sagarmatha. Tenzing Norgay ndi Edmund Hillary anafika pansonga pa 29 Meyi 1953. Mu Meyi 2019 Saray Khumalo, yemwe anabadwira ku Zambia ndipo amakhala ku South Africa, anakhala mayi woyamba wakuda wa mu Africa kufikapo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mawu akuti Sherpa ambiri amawamva ngati dzina la ntchito ya mtengatenga, chonsecho ndi dzina la mtundu wa anthu, lotanthauza anthu a kummawa, omwe anachokera ku Tibet zaka pafupifupi 500 zapitazo n'kudzakhazikika m'chigwa cha Khumbu. Mlendo asanayambe kukwera, iwo amakhala atadutsa kale kangapo m'dera loopsa la Khumbu Icefall, momwe zimiyala za madzi oundana zazikulu ngati nyumba zimasuntha tsiku ndi tsiku. Amayala makwerero a chitsulo pamwamba pa ming'alu yakuya, kumanga zingwe, kusenza matenti ndi mabotolo a mpweya. Pa 18 Epulo 2014 chigumukire cha madzi oundana chinapha amuna 16 a ku Nepal pamalo amenewa m'mawa umodzi. Kami Rita Sherpa wafika pansonga pa Everest koposa ka 30, ndipo kwa iye ndi ntchito yopezera banja chakudya.

Si nsonga zonse zomwe zinapondedwa, ndipo si chifukwa choti zinakanika. Kailash ndi lopatulika kwa Ahindu, Abuda, Ajaini ndi a chipembedzo cha Bon. Anthu amalizungulira wapansi, ena akugwada ndi kugona chafufumimba njira yonse, koma palibe amakwerapo. Bhutan inaletsa kukwera mapiri ake aatali, n'chifukwa chake Gangkhar Puensum, la mamita 7,570, likadali losapondedwa. Mu 1955 Joe Brown ndi George Band atakwera Kangchenjunga, la mamita 8,586, anaima patatsala mapazi ochepa kuti afike pansonga, posunga lonjezo lomwe gulu lawo linapereka kwa mfumu ya Sikkim. Ife amene tinatcha nsonga yathu kuti Sapitwa sitingadabwe nawo mtima umenewu.

Pamwamba penipeni chipale chofewa chimaunjikana chaka ndi chaka, n'kupanikizika kukhala madzi oundana omwe amatsika m'zigwa pang'onopang'ono ngati mtsinje waulesi. Imeneyi ndi nkhokwe ya madzi. Imasunga m'nyengo yozizira n'kumatapula m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Ganga amadalira kwambiri mvula ya monsoon, koma Indus amadalira nkhokweyi, ndipo minda ya tirigu, thonje ndi mpunga ya Pakistan imadalira Indus. N'chifukwa chake India ndi Pakistan anachita kusainirana pangano logawana mitsinje imeneyi mu 1960. Mu 2019 bungwe la ICIMOD, lomwe likulu lake lili ku Kathmandu, linachenjeza kuti ngakhale maiko atayesetsa kuchepetsa kutentha kwa dziko, gawo limodzi mwa atatu a madzi oundana a m'mapiriwa ndi oyandikana nawo lidzakhala litasungunuka pofika 2100, ndipo ngati zinthu sizisintha adzakhala magawo awiri.

Poyamba kusungunukako kumabweretsa madzi ochuluka, osati ochepa. Madzi oundana akabwerera m'mbuyo amasiya mulu wa miyala ndi dothi kutsogolo kwake, ndipo kuseri kwa muluwo kumaima nyanja yatsopano, yopanda womanga, yopanda chitseko. Mu 1985 nyanja ya Dig Tsho ku Khumbu inaphulika n'kukokolola milatho, nyumba ndi malo opangira magetsi omwe anali pafupi kutha kumangidwa. Nyanja ya Imja, yomwe cha m'ma 1960 inali timadziwe chabe, inakula mpaka mu 2016 asilikali a Nepal anachita kukumba ngalande n'kuitsitsa ndi mamita oposa atatu. Usiku wina kumayambiriro kwa Okutobala 2023 nyanja ya South Lhonak ku Sikkim inasefukira, madzi anatsika mumtsinje wa Teesta anthu ali m'tulo, n'kugwetsa damu lalikulu la magetsi pa Chungthang. Aliyense amene anaona napolo ku Phalombe mu 1991 kapena m'masiku a namondwe Freddy mu 2023 akudziwa phokoso la madzi osakanikirana ndi miyala ndi mitengo.

Ku Ladakh vuto ndi lina. Mlimi amafuna madzi mu Epulo ndi Meyi, nthawi yodzala, koma madzi oundana atsala pamwamba kwambiri moti sayamba kusungunuka mpaka Juni. M'nyengo yozizira, pomwe palibe wolima, timitsinje timangotsika madzi n'kumapita pachabe. Injiniya wina wa komweko, Chewang Norphel, anayamba m'zaka za m'ma 1980 kupatutsira madzi amenewa m'timadamu ta miyala pamthunzi wa phiri kuti aundane. Sonam Wangchuk anapititsa nzeruyo patsogolo cha m'ma 2013. Amatenga paipi kuchokera kumtunda kwa mtsinje, kuikwirira pansi kuti isaundane, n'kuitsitsira kumudzi, komwe kukamwa kwake amakuloza kumwamba. Sipafunika injini kapena magetsi, chifukwa madzi ochokera pamwamba amadzikankha okha. Usiku wachisanu madziwo amafwamphuka m'mwamba, n'kugwera pa nthambi ndi minga zomwe aunjika, n'kuundana. M'mawa uliwonse muluwo umakhala utakulako, mpaka umasanduka chulu choyera chotalika ngati nyumba yosanja. Poti ndi chosongoka, dzuwa limachiwomba pamalo ochepa, ndiye chimachedwa kusungunuka. Mu Epulo chimayamba kudontha, madzi amatsata kangalande kokumba ndi fosholo, ndipo mlimi amachotsa mwala wotseka pakhomo pa munda wake wa balele.